Chichewa M'kamwa mwa Chilombo: Mafilimu Oopsa ndi Mlendo wa ku Joni

Mu Sepitembala chaka cha 2009 ndidalowa m'nyumba ya kanema ya ku Sandton City kukaonera District 9, filimu yomwe Johannesburg yense ankaikamba masiku amenewo. Anthu ankanyadira kuti ulendo uno chombo cha zolengedwa zakuthambo chalambalala New York ndi London n'kudzaima pamwamba pa mzinda wawo. Filimu ili mkati, padatulukira bambo wina wopuwala miyendo, ali pa njinga ya olumala, atazingidwa ndi anyamata onyamula mfuti. Tidauzidwa kuti ameneyu ndi Obesandjo, mkulu wa zigawenga zochokera ku Nigeria. Koma atatsegula pakamwa, mawu omwe adatuluka sadali Chiyoruba, Chiigbo kapena Chihausa. Chidali Chichewa chathu chomwechi. Ndidaseka ndekha mumdimamo, monga achitira munthu akakumana ndi mbale wake kumalo komwe samamuyembekeza. Kusekako kudatha msanga, pakuti mbale wangayo ankafuna kudya mkono wa munthu.

Yemwe adasewera ngati Obesandjo ndi Eugene Khumbanyiwa, Mmalawi. Filimuyo idakonzedwa ndi Neill Blomkamp, wobadwira ku Johannesburg, mothandizidwa ndi Peter Jackson. Idadya ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni, idabweza zoposa madola 200 miliyoni, ndipo idapikisana nawo pa mphoto zinayi za Oscar. Kunena kwina, anthu miyandamiyanda padziko lonse adamva chinenero chathu usiku umodzi kapena wina, ambiri a iwo koyamba ndi komaliza, osadziwa n'komwe kuti ndi chinenero chanji. Ena atha kunena kuti District 9 ndi nthano ya sayansi osati filimu yoopsa. Komatu mtima wake ndi wa filimu yoopsa: munthu akuona thupi lake likusandulika, zikhadabo zikuzuka, mano akugweluka, dzanja likusanduka mphanda ya chilombo. Ndipo monga mafilimu onse a mtunduwu, idayenera kusankha kuti woopa akhala ndani, woopedwa akhala ndani. Mbiri ya kusankha kumeneku ndi yomwe ndikufuna kuilondola.

Tiyambe ndi malo omwe ndidakhala ndikuonera. Sandton ndi tauni yaing'ono msinkhu. Idakhazikitsidwa mu 1969, dzina lake adachita kulumikiza kuchokera ku Sandown ndi Bryanston, ndipo nyumba ya masitolo ya Sandton City idatsegulidwa mu 1973 pomwe kale padali minda ndi makola a akavalo. Makampani atayamba kuthawa pakati pa mzinda, ambiri adasamukira kuno, ndipo msika wa masheya wa Johannesburg udawatsatira mu 2000. Kutsidya kwa msewu waukulu wa M1, mtunda woti munthu atha kuyenda wapansi, kuli Alexandra, komboni yomwe idayamba mu 1912, kale kwambiri Sandton asadalotedwe. Ku Alexandra komweko ndi komwe pa 11 Meyi 2008 kudabuka chiwawa cholimbana ndi anthu obwera, chomwe chidafalikira m'madera ena n'kupha anthu 62. Amalawi zikwi zingapo adathawira ku mapolisi ndi m'matchalitchi, ndipo boma lathu lidatumiza mabasi kukawatenga. District 9 idajambulidwa ku Chiawelo, ku Soweto, m'miyezi yomweyo, utsi usadazilale.

Masiku a chiwawacho munthu ankadziwika ndi lilime. Nyuzipepala zidalemba za magulu omwe ankaimitsa munthu pamsewu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, liwu lomwe mlendo wophunzirira chinenero m'minibasi ndi pamsika sangalidziwe. Dzina lenileni lachipongwe lomwe obwera amatchulidwa nalo, makwerekwere, akuti limatsanzira momwe zinenero zathu zimamvekera m'makutu a eni dziko: phokoso chabe, lopanda tanthauzo. Tsono pomwe okonza filimu adalola Chichewa kuimira chilankhulo cha ku Nigeria, adachita ndi kamera zomwe liwu lija limachita pakamwa. Kwa iwo zinenero zonse za kumpoto kwa Limpopo zidali phokoso limodzi. Chidafunika n'chakuti limveke lachilendo ndi loopsa, basi.

Chizolowezi chimenechi sichidayambire ku Joni. Filimu yomwe imawerengedwa kuti ndi yoyamba pa nkhani za zombi, White Zombie ya mu 1932, idatengera chikhulupiriro cha anthu a ku Haiti pa nthawi yomwe asilikali a dziko la America ankalamulira chilumbacho, kuyambira 1915 mpaka 1934. Kwa zidzukulu za akapolo a m'minda ya nzimbe, zombi adali munthu womvetsa chisoni: wakufa yemwe ngakhale manda sadamumasule ku ntchito ya bwana. Filimuyo ili ndi gawo lomwe anthu akuda otere akuzunguza chigayo cha nzimbe mwakachetechete, mmodzi akugwera m'chigayomo anzake osacheuka n'komwe. Koma nkhawa ya filimuyo siili pa iwo. Ili pa mkwatibwi wachizungu yemwe wagwidwa ndi mankhwala omwewo. Mantha a akapolo adalandidwa n'kupatsidwa kwa mwana wa mwini munda, eni ake n'kusandutsidwa chokongoletsa kumbuyo. Padadutsa zaka 36 kuti George Romero, mu Night of the Living Dead ya mu 1968, aike munthu wakuda, Duane Jones, patsogolo pa nkhani yotere. Iye adapulumuka kwa akufa usiku wonse, kukacha adawomberedwa ndi azungu amoyo.

Ku South Africa wa nthawi ya tsankho zinthu zidali ndi kakomedwe kena kowawa. Lamulo la mu 1963 lidapatsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mphamvu yoloza kuti filimu yakuti aonere a mtundu uti, ndipo padali mafilimu omwe mzungu ankaloledwa kuonera pomwe munthu wakuda wamkulu msinkhu ankaletsedwa. Nyumba za kanema za m'matauni a azungu zidatsegukira mitundu yonse m'zaka za m'ma 1980 chakumapeto. Mafilimu oopsa omwe ankapangidwa nthawiyo, monga House of the Living Dead ya mu 1974, yomwe nkhani yake ikuchitikira pa munda wa mabwana ku Cape, ankaika azungu pakati, antchito akuda n'kumangoyendayenda m'mphepete ndi mphekesera zawo za ufiti. Kenaka m'ma 1980, malamulo a msonkho atakopa opanga mafilimu otchipa ochokera kunja, dziko lenilenilo lidayamba kubisidwa. Howling IV ya mu 1988 idajambulidwa ku South Africa koma ikunamizira kuti ndi ku America. Ngakhale tsankho litatha, The Mangler ya mu 1995, ya Tobe Hooper, idachita chimodzimodzi. Nkhani yake ndi ya makina ochapira zovala omwe amameza antchito pomwe mwini fakitale akulemera. Taganizani: nthano ya makina odya antchito, yojambulidwa m'dziko la migodi ya golide, koma oonera n'kuuzidwa kuti zikuchitika ku Maine.

Munthu mmodzi yemwe moyo wake ukuonetsa bwino kupanikizika kwa wosewera wakuda m'mafilimuwa ndi Zakes Mokae, wobadwira ku Johannesburg mu 1934, mnzake wa Athol Fugard pa zisudzo, yemwe adalandira mphoto ya Tony mu 1982. Katswiri wotere, Hollywood itamufuna pa filimu yoopsa, idamupatsa gawo la Dargent Peytraud mu The Serpent and the Rainbow ya Wes Craven mu 1988: mkulu wa apolisi achinsinsi a ku Haiti, mfiti yosunga mizimu ya anthu m'mitsuko. Adasewera mwaluso moti mpaka lero oonera amakumbukira kumwetulira kwake kuposa nkhope ya ngwazi yachizungu ya filimuyo. Patatha zaka zinayi, mu Dust Devil ya Richard Stanley, yojambulidwa ku Namibia, mpando udatembenuka. Mokae adali wapolisi wotopa yemwe akusaka chiwanda, ndipo chiwandacho chidavala thupi la mzungu woyenda yekha m'misewu ya m'chipululu. John Matshikiza adasewera ngati sing'anga wofotokoza nkhaniyo. Filimuyo idadulidwadulidwa ndi ogulitsa ake ndipo sidaonedwe ndi ambiri, koma idasonyeza kuti n'zotheka kuloza kamera mbali inayo.

Pano ndiyenera kupatuka pang'ono n'kubwerera kwathu, chifukwa ife a ku Malawi sitidadikire Hollywood kuti itiphunzitse nthano zoopsa zokhudza Joni. Tidali nazo kale, ndipo m'nthano zathuzo chilombo chidali kummwera.

Aliyense wokulira kumudzi adamvapo za ndondocha: munthu yemwe abale adamulira n'kumuika m'manda, koma mwini mankhwala adamutenga, adamudula lilime, ndipo amamusunga kuchipinda kuti azimugwirira ntchito usiku, kumunda kapena pachigayo. Munthu akalemera modzidzimutsa, mudzi umafunsa kuti wapha ndani. Ndondocha ndi mbale weniweni wa zombi wa ku Haiti, ndipo onse awiri amafunsa funso limodzi: chuma ichi chachokera m'thukuta la yani? Tsono ganizirani mudzi wa ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Ntcheu m'zaka za Wenela. Mnyamata wamphamvu akulembedwa, akupimidwa, akukwera ndege, akulowa pansi pa nthaka. Ena ankabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ena sankabwera konse, ndipo tidawapatsa dzina lawo, matchona. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyo kwa zaka zingapo.

Nkhani ya magazi nayo ili ndi msewu wake wopita ku Joni. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu oposa 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Iyi idali nthawi yomwe Malawi adali atangomanga ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967 n'kulandira ngongole yomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Mphekesera yomwe idagwira mzinda idati magazi a ophedwawo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongoleyo. Bwalo lidapeza munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, kuti ndiye wolakwa, ndipo palibe umboni woti dontho la magazi lidawoloka malire. Koma mphekeserayo, ngakhale idali yabodza, idanena mwa njira yake zomwe anthu ankaona ndi maso: kuti dziko losauka likulipira dziko lolemera ndi matupi a ana ake. Patatha zaka makumi awiri magazi adabweranso m'nkhaniyi, ulendo uno moonadi. Kuyambira 1988 Amalawi pafupifupi 13,000 adachotsedwa m'migodi pa mkangano wokhudza kuyezedwa kachilombo ka HIV, ndipo njira ya Theba idatsekeka. Omwe kale ankaopa kupopedwa magazi tsopano adauzidwa kuti magazi awo ndiwo oopsa. Mphekesera za anamapopa zomwe zidaphetsa anthu osalakwa mu 2002 ndi 2003, ndiponso ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, zikutikumbutsa kuti nthano zotere si zoseweretsa, ndipo sindikuzitamanda. Ndikungonena kuti nkhokwe ya mantha athu ndi yodzaza, ndipo mantha amenewo ali ndi mbiri.

Tikabwerera ku District 9 titanyamula mbiriyi, chomwe chidachitika chikuoneka bwino. Blomkamp sadali wosadziwa za chidani cha obwera. Filimu yake yaifupi yomwe idabala District 9, yotchedwa Alive in Joburg, idagwiritsa ntchito mayankho enieni a anthu a mumzindawo, ndipo iye mwini adafotokoza kuti ankawafunsa za anthu a ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, kenaka n'kulumikiza mawu awo ngati akunena za zolengedwa zakuthambo. Dzina la filimuyo likukumbutsa District Six ya ku Cape Town, yomwe idalengezedwa kukhala ya azungu okha mu 1966, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa mokakamiza. Cholinga chake chidali chakuti woonera amvere chisoni mlendo. Ndipo zidathekadi: pofika kumapeto timalira nacho cholengedwa chotchedwa Christopher Johnson ndi mwana wake. Koma chisoni chonsecho chidathera pa alendo ongopeka. Alendo enieni, anthu a mnofu ndi magazi ochokera m'maiko a mu Africa, adapatsidwa uhule, katapira wa chakudya cha amphaka, sing'anga wolosera ndi njala ya nyama ya mnzawo. Kampani ya azungu ya m'filimumo nayo imadula matupi pofuna mphamvu yomweyo, n'zoona, ndipo ena amati pamenepa filimuyo ikufananitsa mbali ziwirizo. Komabe mbali ya azungu ili ndi Wikus, munthu yemwe timamudziwa mkazi wake, mantha ake ndi kusintha kwa mtima wake. Mbali ya Obesandjo ilibe ngakhale mmodzi wotere.

Boma la Nigeria lidakwiya. Mu Sepitembala 2009 nduna yofalitsa nkhani, Dora Akunyili, idalamula kuti nyumba za kanema zileke kuonetsa filimuyo ndipo idafuna kuti eni ake apepese, poonanso kuti dzina la chigawengacho likufanana ndi la mtsogoleri wakale wa dzikolo, Olusegun Obasanjo. Khumbanyiwa adayankha atolankhani kuti iyi ndi nthano chabe, kuti palibe yemwe angakhulupirire kuti anthu a ku Nigeria amadya zolengedwa zakuthambo pomwe zolengedwazo kulibe n'komwe. Sindimuweruza. Wosewera wobwera, m'dziko la eni, akapatsidwa gawo m'filimu yaikulu chotere sangalikane, ndipo iye adaligwira ndi mphamvu moti ndi mmodzi mwa omwe oonera sawaiwala. Mwinanso kulankhula Chichewa pamenepo kudali kuchenjera kwa mlendo, kulowetsa kwawo pakhomo lomwe silidatsegulidwire iye. Ambiri a ife tidanyadira, ndipo kunyadako sikudali kopusa. Chomwe chimandivuta n'chakuti mkangano wonsewo udali pakati pa Abuja, Johannesburg ndi Hollywood. Dzina lidali la ku Nigeria, manyazi adapita ku Nigeria, pomwe lilime lidali lathu ndipo palibe adalifunsa. Tidalimo m'filimumo monga ndondocha ikhalira m'nyumba ya mwini chuma: ikugwira ntchito, koma alendo obwera pakhomopo sakudziwa kuti ilipo.

Zaka zotsatira zidabweretsa kusintha kwenikweni, ndipo n'kulakwa kukuchepetsa. Get Out ya Jordan Peele, ya mu 2017, idaonetsa ogulitsa mafilimu kuti mantha a munthu wakuda ali ndi msika, ndipo idapata Oscar ya nkhani yolembedwa bwino. Ku South Africa, The Tokoloshe ya Jerome Pikwane idatsegulira chikondwerero cha mafilimu cha ku Durban mu 2018. Petronella Tshuma akusewera ngati Busi, mtsikana wochokera kumudzi yemwe wapeza ntchito yokolopa usiku m'chipatala chakutha cha mu Johannesburg. Tokoloshi, yemwe kwa zaka zambiri azungu ankamutchula poseka antchito awo oika njerwa kunsi kwa miyendo ya bedi, pano akutengedwa mozama, ndipo woonera sachedwa kuzindikira kuti chilombo cha mumdima ndi bwana wogwira akazi ndi mapasa. Mu 2021 Jenna Cato Bass ndi Babalwa Baartman adatulutsa Mlungu Wam, yodziwikanso kuti Good Madam. Tsidi ndi mwana wake akukakhala kwa mayi ake, Mavis, omwe agwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya dona wachizungu ku Cape Town. Donayo ali gone pabedi, saoneka kwenikweni, koma belu lake likalira mayi wokalamba amadzambatuka. Mantha a filimuyi ndi akuti utumikiwo sudzatha ngakhale ndi imfa. Mmalawi aliyense woionera adzaizindikira nthanoyo msanga, pakuti dzina lake tili nalo.

Kunja kwa South Africa, mlendo nayenso wayamba kupatsidwa mantha akeake. Mu Atlantics ya Mati Diop, yomwe idalandira mphoto ya Grand Prix ku Cannes mu 2019, anyamata omanga nyumba ku Dakar omwe adamira panyanja akubwerera usiku kudzaitanitsa malipiro awo kwa bwana. Mu His House ya Remi Weekes, ya mu 2020, banja lothawa nkhondo ku South Sudan likupeza kuti mfiti yawatsatira mpaka m'makoma a nyumba ya boma ku England, ndipo ngongole yomwe ikufuna ndi yeniyeni. Ndipo chinenero chathu chidamvekanso pa kanema wa dziko lonse m'njira ina: I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, ya mu 2017, yojambulidwa ku Zambia, ili ndi Chinyanja pakati pa zinenero zake, ndipo kamera yake ikuima pambali pa kamtsikana konamiziridwa ufiti, osati pambali pa okaopa.

Chomwe ndikuchiona m'mafilimu atsopano a ku South Africa omwe ndatchulawa n'chakuti wantchito wakuda wapatsidwa nkhope, dzina ndi chinenero chake, Chizulu kapena Chixhosa, koma ndi mwana wa dzikolo. Busi ndi Tsidi ali ndi chiphaso. Mantha awo ndi aakulu, koma sakuphatikizapo kugogoda kwa pakati pa usiku kwa anansi omwe dzulo lomweli mumagawana nawo mchere, kapena galimoto ya apolisi yopita ku Lindela, kumalo kosungira obwera oyembekeza kubwezedwa kwawo. M'nyumba za ku Sandown, Morningside ndi Bryanston, kuseri kwa mipanda ya magetsi, Amalawi ambiri amatchetcha kapinga, kuphika ndi kulera ana, ndipo mabwana amauzana kuti wantchito wa ku Malawi ndi wokhulupirika, ndi wofatsa, sayankha. Mawu otamanda amenewa, munthu akawamvetsera atakumbukira nthano ya lilime lodulidwa, amazizira m'khutu.

Mu Epulo 2015 chiwawa chidabweranso, ndipo wojambula zithunzi James Oatway adajambula kuphedwa kwa Emmanuel Sithole, wa ku Mozambique, mumsewu wa ku Alexandra m'mawa dzuwa likuwala, anthu akuonerera. Zithunzizo zidatuluka pa tsamba loyamba la Sunday Times. Chaka chomwecho ntchito yomanga mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa M1, pafupi ndi Grayston Drive, idali mkati, kuti anthu zikwizikwi omwe amayenda tsiku ndi tsiku kuchoka ku Alexandra kupita ku ntchito ku Sandton asamalimbane ndi magalimoto. Mlathowo udatha ndipo ukugwira ntchito. Ndidauwolokapo m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chisanu chikuluma, m'kati mwa khamu la alonda, ophika ndi okolopa. Patsogolo panga padali amuna awiri omwe ankakambirana za mtengo wotumizira katundu ku Mangochi. Ankalankhula motsitsa, pakamwa pali pafupi ndi khutu la mnzake, ndipo gulu la anyamata litawayandikira kumbuyo adasiya Chichewa n'kuyamba Chizulu.